Kumene Madzi Akuya Ndiko Kuli Malire

Bambo amati ndinabadwa azamba asanasambe m'manja, ndipo chiyambire sindinadikirepo chinthu kuti chipse. Pakhomo amanditchula Kamvuluvulu. Koma tandiuzani, ndani angakhale phee sukulu atamaliza, anzake onse atakwera basi kupita kumizinda, iye n'kumadzuka m'mawa uliwonse kukayang'ana mzati woima m'madzi?

Ntchitoyo inali ya bambo. Bondo lawo litatupa pakati pa dzinja, a Injiniya, bwana wa ofesi yoyang'anira mtsinje, anati ndiwagwirizire. Umatsika masitepe a simenti, n'kuona nambala yomwe madzi alekezera pa mzati, n'kukwera, n'kukainena pa wayilesi ya mauthenga kuti a dziko la kutsidya amve. Iwonso amanena yawo. "Mwamva?" "Tamva." Yatha ntchito. Tsiku lonse lotsala umangoonerera nalimata akuyenda pa mapu a pakhoma, kudumpha malire popanda womufunsa chiphaso.

Mtsinjewo ndiwo malire athu. Koma pafupi ndi tauni yathu umagawika pawiri n'kusiya chilumba pakati, ndiye akuluakulu a mayiko awiriwa anapangana kalekale kuti malire azitsata nthambi yakuya kwambiri. Chibadwire changa yakuya inali ya kutsidya, kotero chilumba chinali chathu. A kutsidya ankangololedwa kutumiza munthu mmodzi m'mawa uliwonse kudzawerenga mzati wa pachilumbapo, kuti asamati tikuwabisira kanthu. Pangano lomwelo limati madzi akasefukira, nthambi zonse ziwiri ziyezedwenso. Chaka chino anasefukira mpaka kulowa mumsika. Ataphwera, nthambi ya kuno, yomwe tili ana tinkaoloka titangokwinya madiresi, inali yakuda bii, ikuyenda mwakachetechete ngati munthu amene waba kanthu.

Mchenga wa pachilumba ndinalibe nawo ntchito. Nkhani inali Tionamawa.

Tinkakhala desiki imodzi mpaka pomwe bambo ake anamwalira, iye n'kusiya sukulu kukathandiza mayi ake kulima tomato pachilumbapo. Dzinalo anamupatsa ndi aphunzitsi, chifukwa chilichonse umufunse yankho linali lomwelo. M'mawa uliwonse ankakocheza bwato lake pa masitepe athu, madengu ali tho, n'kusiya tomato mmodzi pamwamba pa mzati wanga, wofiira kuposa onse. Mawu ayi. Tomato basi. Ine ndinali nditamanga kale nyumba yathu m'mutu, ya mawindo aakulu ndi makatani achikasu, ana ndinali nditawatcha kale mayina. Iye anali asananene ngakhale kuti diresi yandikhala.

Chilumba chikanapita kutsidya, bwato lakelo silikanaloledwanso pa masitepe athu. Akanayenera kuzungulira ku mlatho wa pachipata, ulendo wa tsiku lathunthu, chiphaso kumanja. Ndani angazunguliritse tomato chonchi, msika wa kutsidya uli pamphuno? Ndipo kumsika wa kutsidyako nakonso kuli atsikana, ena a iwo odziwa kudikira.

M'mawa wa tsiku loyeza ndinapsereza mkaka, bulauzi n'kuvala motembenuza. Bambo anali pakhonde, mwendo ali nawo pa mpando wina, bondo atalikulunga thawulo lotentha.

"Ukuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira," anatero. "Khala pansi umwe tiyi."

"Ndachedwa, bambo."

"Mtsinje unayamba kuyenda agogo ako asanabadwe. Suthawa lero. Ndamva wawauza a Injiniya kuti lero ndi lomaliza."

"Ndawauza. Ntchito imeneyi ndi ya anthu oti mtima unaima kale."

"Zikomo kwambiri, mwana wanga."

"Sindikunena inu."

"Ayi, wanga unaimadi, tsiku lomwe unayamba kuyankhula." Anatembenuza thawulo lija. "Tamvera. Ndodo yoyezera ukaigwire chilili, ngati chala choloza kumwamba. Ikangopendekeka imanama. Imamira kwambiri, n'kumati pakuya pomwe pali posaya."

Ndinasiya kumanga zingwe za nsapato. Bambo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana nyerere zomwe zinkakoka kanyenyeswa ka buledi.

"Ndati chilili," anabwereza. "Sindikukulozera njira. Ndikukulozera dzenje."

Tionamawa ndinamupeza pa masitepe akutsitsa madengu, chipewa chake chong'ambika chili pamphumi.

"Iwe, ukudziwa kuti pofika madzulo ukhoza kukhala mlendo?"

"Ndiye udzandipatse mpando."

"Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ukuseka? Akakutsekera masitepe ano udzatani?"

"Aa, tiona..."

"Ukangomaliza mawu amenewo ndikukankhira m'madzimu."

Anaseka, n'kuyamba kutembenuza tomato m'dengu, uyu ayi, uyu ayi, ngati dziko lonse lili ndi nthawi yomudikira. Ndinaima pafupi naye mpaka kumva fungo la masamba a tomato pa malaya ake.

"Palibe chomwe ukufuna kundiuza? Lero? Pompano?"

Anakanda m'khosi. Anayang'ana madzi, kenako mapazi anga.

"Nsapato zakozo zinyowa. M'boti la malume ako mumalowa madzi."

Ndinamusiya pompo ali ndi tomato wake kumanja.

Ankatiyendetsa pa boti la ofesi ndi malume, mlongo wawo wa malemu mayi, munthu woti injini amayankhula nayo ngati mkazi wovuta. Tinafika pachilumba a kutsidya atafika kale. A Injiniya ndi bwana wa kumeneko anakumbatirana mimba zawo n'kugundana, mikono osakumana kumbuyo.

"Mwatitumizira madzi oipa chaka chino, mnzanga."

"Ife? Mvula inagwa kumapiri kwanu. Ife tinangoionetsa njira."

Anakhala pansi pa mtengo n'kutsegula fulasiki ya tiyi. Tiyi! Moyo wanga ukulendewera pa ndodo, iwo akufunsana za shuga ndi ana a ku koleji. Anthu a pachilumba anasonkhana chapatali, amayi atapinda manja pachifuwa, ana akuzungulira maboti.

Kayezedwe kake n'kotere. Palibe dziko lomwe limayeza nthambi ya mbali yake. Aliyense amayeza ya mnzake, poti wofuna kuti papezeke pakuya ndiye angapafunefune ndi mtima wonse. Koma m'boti mwake mumakhala mboni ya dziko linalo, maso ali pa ndodo. Amamanga chingwe cha mfundo kuchoka gombe ili mpaka ilo, boti limaima pa mfundo iliyonse, wogwira ndodo amatsitsa mpaka chitsulo cha kunsi chigunde pansi, n'kutchula nambala. Mboni ikati "ndaona," palibenso wobweza. Ndodoyo ndi imodzi, yaitali, yoyera, ya mzere wofiira chakumtunda.

Anayamba ndi a kutsidya, pa nthambi ya kuno, a Injiniya ali mboni. Ine ndinkayenda m'mbali mwa gombe, kupita, kubwera, kutafuna udzu, kuulavula. M'mphepete ndodo inkangonyowa chiuno. Mtima unayamba kukhala pansi. Atafika pakati, mnyamata wa kutsidya wogwira ndodo anatsitsa, natsitsa, natsitsabe, mpaka anagwada. Mzere wofiira unalowa m'madzi n'kusowa.

"Ndaona," anatero a Injiniya, mawu awo akuyandama pamadzi ngati palibe chachitika.

Ndiye kuti kutsidya nakonso mzere wofiirawo unayenera kumira, n'kupitirirapo pang'ono. Kupanda apo, chilumba chapita.

Tinanyamula ndodo kudutsa nayo m'minda mpaka ku gombe linalo, malume n'kuzunguliritsa boti. Mboni yawo inali Mayi a Magalasi, aja ankabwera m'mawa uliwonse kudzawerenga mzati wa pachilumba. Ndinkangowaonera patali, kadontho m'bwato. Pafupi anali aafupi, a manja okhakhala, magalasi atawamangirira chingwe cha nsapato kukhosi. Anakhala kutsogolo kwa boti n'kutulutsa singano ndi ulusi woluka.

"Mukaluka, ndodo muiona bwanji, mayi?" anafunsa malume.

"Ndinalera ana asanu ndikuluka, bambo. Palibe anaba shuga ine osaona."

Mfundo yoyamba, posaya. Yachiwiri, posaya. Mchenga wonse womwe unachoka kwathu unali utadzagona kuno. Ndinkatchula manambala mothamanga, malume n'kumandiletsa.

"Pang'onopang'ono, mwana wa mlongo wanga. Ukuyeza mtsinje, sukutakasa phala."

"Tiyeni kutsogolo, malume, apa palibe kanthu."

"Injini iyi ikamva ukali imazima. Ili ngati azakhali ako."

Pakati penipeni madzi anasintha mtundu. Ndodo inatsika mosavuta, manja anga akuitsatira, mpaka chitsulo chinagunda pansi, gu. Ndinayang'ana. Mzere wofiira unali pamwamba pa madzi, wouma, ukundiseka. Panatsala zala zitatu kuti unyowe.

Zala zitatu. Nyumba ya makatani achikasu, ana anga a mayina okoma, zonse zithere pa zala zitatu?

Madzi ankakoka ndodoyo okha, sindinachite kuwapempha. Ndinangofewetsa dzanja. Inagona pang'ono, pang'ono chabe, ngati munthu wotsamira khoma. Mzere wofiira unanyowa, unalowa, unasowa. Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule nambala.

Zala ziwiri zinagwira nsonga ya ndodo. Sindinamve pomwe anaimirira.

"Madzi akukulaka mphamvu, mwanangu," anatero Mayi a Magalasi mokweza, kuti malume amve. "Ndikugwirire."

Anaiwongola mosakakamiza. Mzere wofiira unatuluka ngati lilime.

"Ndi uja wa chipewa chong'ambika?" anafunsa chapansipansi.

Ndinayang'anitsitsa mzere wofiira uja.

"Ndimamuona m'mawa uliwonse akusankha tomato mmodzi ngati akusankha mphete. Anzake amafika kumsika iye akadali m'dengu."

"Mayi, ndi zala zitatu zokha. Angadziwe ndani?"

"Ine ndadziwa kale. Malume akowo adziwa, n'chifukwa chake akuyang'ana mbalame." Anakankhira magalasi m'mwamba. "Mwanangu, chilala chikadzafika kwanu, wayilesi yanu idzalira kuti titsegulireni damu, mtsinje watsika. Mvula ikadzachuluka kumapiri kwanu, ife tidzadikira mawu anu kuti tisamutse ana kuchigwa. Tidzakhulupirira chifukwa chiyani? Sitidzakhalapo kuti tione tokha. Tidzangokumbukira kuti uja amagwira ndodo chilili. Tchula nambala."

Ndinaitchula. Mawu anatuluka ngati a mwana wa mbuzi.

"Ndaona," anatero, n'kubwerera ku zoluka zawo.

Mfundo zotsalazo sindikuzikumbuka. Ndimangokumbukira malume akunditambasulira kansalu kawo kopukutira injini, kamafuta, maso ali kwina.

"Utsi wa injini iyi umalowa m'maso," anatero. "Ndinawauza kalekale a Injiniya."

Pansi pa mtengo paja mabwana awiri anaima phewa ndi phewa n'kulengeza. Chilumba tsopano chinali cha kutsidya, mpaka tsiku lomwe mtsinje udzasefukirenso n'kuyezedwa. Palibe wothamangitsidwa. Minda ikhala ya eni ake, chipatala ndi msika wa kutsidya ndi zawo kuyambira lero, koma wofuna kubwera kuno adzere pachipata. Mayi ake a Tionamawa anafunsa ngati tomato wawo asinthe mtundu poti wasanduka wachilendo, anthu n'kuseka. Ine sindinaseke. Ndinadutsa pakati pawo n'kulowa m'minda, nsapato zikulira madzi.

Tionamawa ananditsatira. Ndinamva mapazi ake, osathamanga ngakhale lero.

"Kamvuluvulu."

"Usanditchule. Ndiwe mlendo, sindikudziwa."

"Taima kaye."

"Ndaima chiyambire desiki ija! Samuka, bwera kwathu. Anena kuti wofuna akhoza."

"Mayi sangachoke. Munda uli pano, bambo agona pano. Ndiwasiye ndi ndani?"

"Ndiye basi. Ukapatse tomato wako atsikana a kutsidya, mwina iwo amamva chinenero cha tomato."

Anangondigwira pa dzanja, koyamba chibadwire, n'kundikokera kuseri kwa nyumba ya mayi ake. Kumeneko kunali chipinda chosamaliza, cha njerwa zoumba yekha, denga kulibe. Pakhoma loyang'ana kumtsinje panali bowo lalikulu moti ng'ombe ikanalowa osawerama.

"Chitseko chimenechi?" ndinafunsa.

"Windo." Anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola. "Tsiku lina m'kalasi unajambula nyumba kuseri kwa buku la masamu. Mawindo ake anali aakulu kuposa khoma. Ndimafuna ndikhome kaye denga. Munthu sunganene mawu otere ulibe denga."

Ndinafuna kumumenya ndi njerwa, ndinafunanso kulira pa malaya ake. Zaka zonsezi ine ndikumanga m'mutu, iye akumanga ndi dothi, osandiuza!

"Chitsiru iwe. Ndikanakhala pansi pa thambo."

"Mvula ikanakunyowetsa."

"Ndiye liti tsopano? Ndidzaliona liti windo limeneli?"

Anatsegula pakamwa, ndipo ndinawaona mawu ake aja akubwera. Anawameza.

"Sindikudziwa," anatero.

Malume anayamba kuliza injini kuitana. Ndinabwerera ku mtengo kuja. Anthu anali akubalalika. Mayi a Magalasi anaima pamaso pa a Injiniya atagwira burashi ya chogwirira chachitali, yomwe ankatsukira ndere pa mzati wa pachilumba kuti manambala aoneke.

"Ine ndapuma," ankatero. "Chilumba chabwera kwathu, ndiye kupalasa kwa m'mawa kwasanduka kwanu. Pangano ndi lomwe lija, munthu mmodzi, tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa. Ndimupatse ndani burashiyi?"

A Injiniya anapukusa mutu. "Apo ndiye pavuta. Mkulu wathu bondo lamukana, mwana wake ananditsanzika dzulo. Ndiitanitsa wina kulikulu."

Mayiwo sanandiyang'ane n'komwe. Anangopukuta magalasi ndi nsonga ya mpango. "Mumuuze asavutike ndi chiphaso. Bwato la m'mawa silidzera pachipata."

Sindikudziwa kuti ndinadumpha bwanji madengu awiri ndi mwana wa eni. Ndinangopezeka burashi ili m'manja mwanga.

"Bwana, sindinatsanzike."

"Unatsanzika. Ndinali pompo."

"Ndinali ndisanadye kanthu."

"Unati ntchito imeneyi ndi ya anthu oti mtima unaima. Ndinakawauza ndi akazi anga omwe."

"Wanga waima, bwana. Waima lero, pakati pa mtsinje. Afunseni malume."

"Ine ndinkayang'ana mbalame," anatero malume.

A Injiniya anasiya kuseka. "Tamvetsa, mwana iwe. Iyi si yogwirizira. Ndikapereka dzina lako kwa anzathuwa, ndiwe yemweyo mpaka mtsinje udzayezedwenso. Mwina chaka chamawa, mwina uli ndi imvi. Basi ya kumzinda izidzadutsa iwe ukutsuka ndere. Ndipo ukafika pachilumba ndi kuwerenga mzati n'kubwerera, osati kugona konko."

Ndinaganiza za anzanga, za misewu ya magetsi yomwe ndinkaiona ndikatseka maso, za sitolo ya mabuku yomwe ndinkati ndidzagwireko ntchito. Zinandiwawa, sindinama. Kenako ndinayang'ana kuseri kwa nyumba ija. Bowo lija linkaoneka ngakhale kuchokera pamenepo, ndipo munthu wa chipewa chong'ambika anali ataima m'kati mwake.

"Kuwerenga mzati kumatenga nthawi yaitali bwanji?" ndinafunsa.

Anayankha ndi Mayi a Magalasi, akupinda zoluka zawo. "Zimatengera ndere. Masiku ena zimakakamira kwambiri."

Bambo nditawauza anangotsitsa mwendo pa mpando paja n'kundilozera kuti ndikhalepo, n'kundithirira tiyi. Ndinamwa theka nditaimirira.

Tsopano ndimaoloka m'mawa uliwonse, burashi pamapewa. Ndere za pa mzati umenewo n'zokakamiradi. Denga lafika pakati, ndipo mawu aja odikira denga sanatulukebe onse, amabwera limodzilimodzi ngati madontho a pampopi wakutha. Za ukwati wa mayiko awiri, kuti adzakhala kuti ndani, a Injiniya akuti pangano silinenapo kanthu, akafunsa ku msonkhano wotsatira. Msonkhano wotsatira! Anthu awa adzandipha.

Ndiye ndinayamba kuthandiza mtsinje. Ndikamatsika masitepe ndimatola mwala, waukulu momwe ndingathere, ndipo boti likafika pakati pa nthambi ya kuno, pomwe mzere wofiira unasowera, ndimauponya. Phuvu.

"Ukudziwa kuti pakufunika miyala ingati kuti pamenepa pakwiririke?" malume amafunsa tsiku lililonse.

"Zala zitatu zokha, malume."

"Undiboolera boti ndi miyala yakoyi."

Dzulo ndikukwera ndinapeza miyala iwiri pansi pa mpando wanga, yosalala, yolemera bwino. Malume anali kalikiliki kukangana ndi injini, maso ali kumbalame.